Kadontho Kakuda kwa Thundu

1.

Setilaiti idadutsanso.

Mu ofesi yozizira ku Lilongwe, Felesiya Chapepa adatsegula chithunzi cha kwawo ku Chigwa cha Shire. Ntchito yake inali yoyeza nthaka kuchokera kumwamba. Pamene patha zomera pamayera, pamabweza kuwala kwa dzuwa ngati lata latsopano, masana n'kumaotcha. Pa mitengo pamada, pamazizirirapo.

Kwawo kunali kutayera mbee. Kupatula kadontho kamodzi kakuda, kum'mawa kwa mudzi wa Thundu.

2.

A Kanyenda, abwana ake, adaloza pakompyuta.

Mayi Chapepa, aka n'chiyani? Chaka chatha kanali kochepa.

Ndi mitengo ya bambo anga, bwana. Adabzala ndili kusekondale.

Ndiye mukawathokoze. Chigwa chonse chikupsa, iwo okha akukulitsa mthunzi.

Felesiya adamwetulira mpaka nthawi yoweruka.

3.

Zimene bambo Chapepa adabzala: nimu, misangu, masau, bwemba mmodzi.

Zimene setilaiti imaona: kuyera, kuda, kutentha.

Zimene siona: mbuzi, chiswe, chifuwa cha munthu.

4.

Adawaimbira foni Lamlungu, atachoka kutchalitchi.

Bambo, mitengo yanu ndikuiona. Ikukula.



Ukuiona uli komweko?

Eya, pamakina.

Nanga ubwera liti, mwanawe?

Ntchito, bambo. Mwina pa Khirisimasi.

Bambo adatsokomola nthawi yaitali. Kuno kwatentha, Fele. Nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Muzikhala pamthunzi wanu uja.

Chabwino, mwanawe.

5.

Iwe Felesiya unkati bola kadonthoko kakukula ndiye kuti bambo ali ndi mphamvu zosenza ndowa, ndiye kuti miyendo ikuwafikitsabe kumjigo, ndiye kuti palibe chothamangira, Khirisimasi idadutsa uli pamsonkhano, Pasaka adadutsa uli ndi chimfine, mvula sidabwere, idabwera yokokolola, sidabwerenso, ndipo mwezi ndi mwezi unkakuza chithunzicho mpaka chisanduke timabokosi n'kumati awo bambo, awo, uli phee pampando wozungulira, juzi ili paphewa chifukwa cha kuzizira kwa mu ofesi

6.

Setilaiti idadutsanso.

Kadontho kadakula.

Foni idalira masana. Anali azakhali ake, a Nyadani, mlongo wawo wa bambo.

Bwera, Fele. Bambo ako atisiya.

7.

Basi idamutsitsa dzuwa lili paliwombo. Asanalowe m'siwa adazungulira kuseri kwa nyumba, kumunda wa mitengo.

Zitsa.

Mchenga woyera, wothobwa m'maso, wootcha kudzera m'nsapato. Bwemba uja adali chiimire, wopanda khungwa.

A Nyadani adamupeza pomwepo.

Azakhali, mitengo ili kuti?

Idauma ndi chilala chija. Yotsala mbuzi zidakungudza, chiswe n'kumalizitsa.

Nanga osandiuza bwanji?

Bambo ako ankati ukamakamba za mitengo mawu ako amamveka ngati uli kamwana. Sankafuna kukulanda zimenezo.

Ndiye masana ankakhala pati?

Pakhonde. Pansi pa malata.

8.

Maliro adanyamuka m'mawa mwake, kulowera kum'mawa. Adadutsa munda wa zitsa uja, adadutsa khwawa louma, amayi akuimba ndi mawu osasa, ndipo kutsogolo kudaoneka nkhalango yakuda bii pakati pa mchenga.

Felesiya adaima. Mawonekedwe ake ankawadziwa, anali a kadontho kaja: ngati impso, yotupa mbali ya kumwera.

Manda.

Muno nkhwangwa silowa, mbuzi amaziingitsa. Mbali ya kumwerayo kale unali munda wa mapira. Tsopano inali mitumbira yatsopano mizeremizere, uliwonse ndi kamtengo kake kumutu, kothiriridwa. Adawerenga mitanda akudutsa. Aphunzitsi ake a sitandade wani. Mayi wogulitsa zitumbuwa pasiteji. Mnzake amene ankadumpha naye chingwe, ndi khanda lake pambali.

Adzukulu atatha kukwirira, a Nyadani adamupatsa mbande ya nimu m'kachubu.

Bzala, mwanawe. Kuno imagwira.

Adagwada, nakumba ndi manja. Dothi linali lonyowa, lofewa. Kwa nthawi yoyamba chitsikireni basi thukuta lidauma pamsana pake, ndipo adachita manyazi ndi mmene mthunziwo unkakomera.