Nandolo wa Elube

Tenanti sadzala nandolo. Pa esiteti ya fodya ija, kuseri kwa Mitundu, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Tenanti amadzala nkhwani ndi mpiru, zodya msanga, chifukwa fodya akangogulitsidwa lole imabwera kudzasamutsa anthu. Nandolo ndi mbewu yochedwa, ya munthu wokhala pake.

Koma Elube, mkazi wa Abednego, mutu wake unali wouma ngati chitsa. Mvula itagwa anamasula kansalu ka mbewu imene anachoka nayo kwawo ku Phalombe, nadzala mizere kuseri kwa nyumba. Anali atatopa. Esiteti iliyonse imene anakhalapo ankasiyako mapapaya osapsa, ena n'kumadyerera thukuta lake.

A Bester, kapitawo wa pa esiteti, anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, mwadzalira mbuzi zathu. Zikomo kwambiri."

Dzinja linadutsa, fodya analowa m'chigafa, maungu anatha, udzu unauma. Nandolo yekha ndiye anatsala wobiriwira. Mwera utayamba kuwomba anachita maluwa achikasu, kenako timakoko tanthete. Elube ankatisisita m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba.

Ndiye lole ija inafika, makoko akadali aawisi.

"Make Chisomo, kwerani," anatero Abednego, atakweza kale matumba. "Ku Nathenje kwapezeka malo. Musandichititse manyazi pa anthu."

"Pitani. Ndikupezani nandolo akauma."

"M'nyumbamu mulowa tenanti wina mawa," anatero a Bester, ndipo tsopano sankaseka.

Elube sanakangane nawo ayi. Analowa m'nyumba, natulutsa mphasa, poto ndi bulangete, nakaziika pakati pa mizere ya nandolo. Anabereka mwana wake Chisomo kumbuyo, n'kukhala pansi, miyendo tambalale.

"Nyumba ndi ya bwana, tengani. Nandoloyu sanadzale ndi bwana. Wofuna kumudula ayambe wadula ine."

Kunena zoona, mantha anali nawo. Amayi ena a pa lole anayang'ana kumbali. Dalaivala analiza hutala kawiri. Abednego anaima, phazi limodzi pa tayala, maso ali pa mkazi wake. Kenako anavula jekete lake, namuponyera, nakwera.

Fumbi litatha, Elube anafunditsa mwana jekete lija, natola mwala. Mbuzi za a Bester zinali zitayamba kale kuyandikira.