Kanyenya wa Mkamwini

Efulemu ndi msuweni wanga, ndipo kuotcha nyama ndinamuphunzitsa ndine. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu a ku Nathenje akamamutama amachita ngati anabadwa ndi mpeni m'manja. Bodza. Pamene tinkayamba kanyenya pa Mitundu, chitangotha chisankho choyamba cha zipani zambiri, munthu ameneyu sankatha ngakhale kusenda mbuzi. Chikopa ankachisiya chili mabowo okhaokha.

Tinali ndi kashedi ka udzu pafupi ndi msika, waya wootchera, chiwaya ndi mabenchi awiri. Masiku amenewo aliyense anali wabizinesi. Munthu akangopeza mbuzi ndi thumba la makala a ku Dzalanyama, ankakoleza moto n'kudzitcha mwini kanyenya. Ambiri ankatsegula nthawi ya fodya, mvula ikamayamba atseka kale. Vuto la nyama ndi lakuti siidikira munthu. Ukapha mbuzi m'mawa iyenera kutha dzuwa lisanalowe, pakuti furiji tinkangoimva m'nkhani. Yogona imadzuka itasintha fungo, ndipo ntchentche zimayamba kudziwa mwiniwake asanadziwe.

Titagwira chaka, Efulemu anati akusamukira ku Nathenje, kumsewu wa tala. Ndinamuseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti adzabwera wapansi, chiwaya chili pamutu.

Sanabwere. Zinabwera ndi nkhani zake. Mwezi uno wagula njinga. Mwezi winawo wamanga kanyumba ka njerwa zootcha, denga la malata. Kenaka wailesi ya kaseti. Ondiuzawo ankandiuza akutafuna nyama yanga, mafuta ali chuchuchu m'zala. "Koma msuweni wanu uja, a Gilibati, eee, zake zayera!" Ine ndinkangoti zikomo. Nsanje inandigwira, ndipo mpaka lero sindiona chodabwitsa. Munthu womuphunzitsa wekha agone pansi pa malata, iwe udzu ukukudonthera?

Tsiku lina ndinakwera njinga yobwereka kukaona ndi maso anga. Ndinamupeza ali m'mphepete mwa msewu, atavala epuloni yoyera ngati namwino wa ku Nkhoma. Maminibasi, amene anali atangochuluka kumene, ankaima motsatizana, anthu akutulutsa manja pamawindo.

"Asuweni!" anakuwa Efulemu atandiona. "Mwabwera kudzayendera sukulu yanu? Lawani."

Ndinalawa. Kachidutswa kake ngati nsonga ya chala, m'kati muli magazi.

"Nyama iyi sinapse," ndinatero.

"Minibasi siidikira kuti ipse, asuweni. Ogula akaidandaulira atafika kale ku Diamphwe."

Anaseka, ine ndinasekako mano okha. Pobwerera njira yonse ndinkayankhula ndekha. Ngati nyama yosapsa ikumanga nyumba, nanga yanga, yofewa, ya mchere wosinjira pamodzi ndi tsabola wa kambuzi, idzamanga chiyani? Chimene Efulemu anandiposa ndi msewu basi.

Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Rozina kuti tikusamuka. Rozina kwawo ndi ku Nathenje komweko, mudzi wa kuseri kwa sitolo. Ku Mitundu ndinangomutenga chitengwa.

"Bambo a Idesi," anatero atasiya kupeta, "mwaiwala kuti ku Nathenje ndi kwathu?"

"Ndiye zabwinotu. Ogula tawapezeratu."

"Kuno ndinu a Gilibati. Kumeneko mukakhala mkamwini."

Ndinamuuza kuti za bizinesi azisiyira amuna. Anangopitiriza kupeta.

Tinanyamuka ndi mbuzi zonse za m'khola mwathu. Zimenezo ndizo zinali mpamba wanga, ndipo ndinkadziwa kuti zikatha popanda kubweza zinzake, chotsala ndi kukagwira ganyu m'minda ya fodya ya eni ake. A Esau, atsibweni a Rozina, anatilandira bwino kwambiri. Anandipezera malo tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi Efulemu. Ndinakondwa. Ndinkafuna aziona utsi wanga tsiku ndi tsiku.

Pa kanyenya pali mwambo wolawa. Wogula asanatulutse ndalama umamudulira kachidutswa kuti amve ngati nyama ili yofewa. Kwa munthu wodutsa, kachidutswako ndi kakang'ono, ndipo palibe amakwiya. Koma mlamu wako ungamudulire kansonga ka chala? Tsiku loyamba alamu anabwera kudzandilonjera, aliyense analawa molemekezeka. Tsiku lachiwiri anabwera kudzaona ngati ndadzuka bwino. A Esau ankafika moto usanayake n'kukhala pabenchi, ati kundiyang'anira kuti anyamata a pamsewu asandivute. Munthu wamkulu wakhala pomwepo, fungo likumulowa m'mphuno, iwe ungamatembenuze nyama osamuikira m'mbale?

Apongozi aakazi sankafika pafupi. Ankadutsa popita kuchigayo, n'kuima patali atayang'ana kumbali, n'kupereka moni kudzera mwa Rozina. Sanapemphepo kanthu ngakhale kamodzi. Koma munthu amene anakuberekera mkazi sadutsa chimanjamanja, choncho chiwindi chinkakulungidwa m'pepala n'kuwatsatira. Chiwindi chomwe ndicho apaulendo ankayamba kufunsa.

Minibasi ikaima, anthu ankasuzumira kwanga n'kuona mabenchi odzaza ndi anthu osatekeseka, pawaya patatsala nthiti ndi mafuta. Ankawoloka msewu. Ine ndinkamuona Efulemu akupereka nyama ndi dzanja ili, kulandira ndi linalo. Iye ku Nathenje analibe mlamu ngakhale mmodzi. Nthawi zina ankandikwezera foloko yake ngati moni, ndipo ndinkalakalaka denga lake litauluka ndi mphepo.

Mbuzi zinkachepa m'khola. Rozina sananene kuti ndinakuuzani, koma kapetedwe kake kankanena.

Chinkandilimbitsa mtima chinali fodya. Kalabu ya a Esau, momwe munali pafupifupi amuna onse a m'mudzimo, inali itatumiza mabelo ku okushoni ku Kanengo. Ndinkadziwa mmene mlimi wa fodya amadyera ndalama zikatuluka. Safunsa mtengo, amangoloza. Ndinadziuza kuti anthu amene adya zanga miyezi yonseyi, tsiku limenelo adzandikumbukira, ndipo Efulemu adzaona khamu lenileni. Ndinasunga mbuzi yomaliza, tonde wofula wonenepa mpaka khosi kusowa, kudikira tsikulo.

Litafika, ndinapha tondeyo m'mamawa amunawo atakwera minibasi kupita kutauni kukatenga ndalama. Ndinasenda mosamala. Matumbo ndinatsuka n'kukulunga nthumbwana zooneka bwino. Ndinasesa pashedi, mabenchi ndinapukuta, ndipo alamu aakazi amene anabwera kudzalawa ndinawauza kuti nyama sinapse. Masana fungo linali litafika mpaka kusitolo.

Dzuwa litapendeka minibasi inaima. Anatsika a Esau atavala jekete yatsopano, pepala la mtengo likadali pamkono. Pambuyo pawo alamu anga, wina ndi nsapato zolira, wina wanyamula wailesi paphewa. Ndinakupiza moto. A Esau anandiona, anakweza chipewa mwaulemu, alamu anandibayibitsa. Kenaka onse, mmodzimmodzi, analowa kwa Efulemu.

Poyamba ndinati mwina akukangopereka moni. Koma ndinaona mbale zikutuluka, mabotolo akutsegulidwa, a Esau akupisa m'thumba la jekete. Anapisanso. Anapisanso kachitatu. Nyama yanga inayamba kuuma pawaya. Podziwa ukali wanga, mpeni ndinausiya dala patebulo ndisanawoloke msewu.

Ndinafika n'kunjuta pafupi ndi a Esau, monga achitira mkamwini.

"Atsibweni, mwayenda bwanji kutauni?"

"Tayenda bwino, mkamwini. Fodya watikomera chaka chino."

"Ndimati mwina simunaone. Ndapha tonde uja lero. Nyama yapsa, ikungodikira inu."

A Esau anasiya kutafuna n'kundiyang'ana modabwa, ngati ndatukwana.

"Mkamwini, mukuti ife tibwere kwa inu ndi ndalama? Ine ndipise m'thumba, ndikupatseni inu m'manja, anthu akuona? Mawa mudzi wonse udzati a Esau amuyesa mlendo mwamuna wa Rozina. Ayi, zimenezo sitingakuchiteni. Uyu ndi wobwera. Uyu tikhoza kumulipira, nyama ikalimba tikhoza kumukalipira. Inu ndinu wathu."

Alamu onse anavomereza ndi mitu, pakamwa pali todzaza. Panalibe amene ankandinyoza. Ankandilemekeza ndi mtima wonse, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa.

"Yanuyo musade nayo nkhawa," anawonjezera a Esau. "Ikatsala tidzakuthandizani mawa."

Ndinaimirira. Ndisanafike pamsewu Efulemu anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa kanyumba kake. Sankaseka.

"Asuweni, nyama yandithera, ndipo anthuwa sanakhute. Yanu ija siifika mawa, mukudziwa. Ndipatseni pa mtengo wopikula."

Mtengo wopikula sukanagula mbuzi ina, ngakhale kamwana. Tonse awiri tinkadziwa. Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana utsi wanga tsidya lija ukungokwera wopanda munthu. Ndinawoloka, ndinalongedza miyendo, nthiti ndi nthumbwana zanga m'beseni, n'kuzungulira nazo kuseri kuti akuchikazi asandione. Efulemu anangozitenthetsa pang'ono pamoto wake n'kuziika m'mbale.

Ndinali ndikadali kuseriko, beseni lopanda kanthu lili m'manja, pamene ndinamva mawu a a Esau.

"Iyi ndiye nyama! Efulemu, mwana iwe uli ndi dzanja. Ukapeza mpata udzamuphunzitseko mkamwini wathuyu."