Ambulansi Ili kwa Wopenta

Mabungwe anayi atagwirizana zosamalira amayi oyembekezera pamodzi, ife azamba a pakachipatala kathu tinalandira masikipa. Magolovesi anali atatha kalekale, koma masikipa anabwera makatoni awiri. Anatipatsanso nambala imodzi yoitanira ambulansi, ndipo kuimbira dalaivala wekha kunasanduka mlandu.

Lachitatu masana mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabereka mwana wamkazi m'manja mwanga. Mwanayo analira bwinobwino, koma magazi a mayi ake anakana kusiya. Ndinabaya jakisoni, ndinafinya pamimba, beseni n'kudzaza ine ndikuona. Ankafunika chipatala chachikulu, ulendo wa ola limodzi.

Ndinaimba nambala ija. Anayankha mayi wina wa mawu osalala ngati a pawailesi.

"Pepani asisi, ambulansi ili kwa wopenta."

"Kwa wopenta? Ikudwala chiyani?"

"Chizindikiro cha bungwe lina chinachepa kuposa cha anzawo, ndiye eni ake anadandaula. Tadikirani ndifunse mabwana onse anayi."

Ndinamudula pakamwa n'kuimbira dalaivala. Bamboyo sanafunse zambiri. Anafika ndi ambulansiyo mawindo atamatidwa manyuzipepala, penti ikudontha pachitseko, koma mphindi makumi asanu zinali zitapita.

M'njira mlamu anandigwira mkono, dzanja lake lili zii!

"Alamu, mwana wayamwa?"

"Wayamwa," ndinanama. "Musatseke maso, ndiyang'aneni ine."

Achimwene anakhala kumapazi kwake atafukata khandalo. Mlamu anatsirizika tikuliona geti la chipatala chachikulu. Pagetipo anali atapachika chinsalu cholembedwa kuti palibe mayi adzafenso pobereka, ndipo mlonda anachikweza ndi ndodo kuti tidutse.

Anthu a mabungwe amenewa ndimadana nawo, sindibisa. Amadziwa kuomberana m'manja m'mahotela, amadziwa pokhala pojambulitsa, koma fungo la magazi sanalimvepo. Kumaliro anatumiza nkhata zinayi za maluwa, bungwe lililonse yakeyake, ndipo amene anabwera nazo ankasuzumirana kuti aone yakula ndi ya ndani.

Patatha sabata ndinalandira kalata yondichenjeza. Akuti ndinaphwanya ndondomeko poimbira dalaivala, komanso ndilembe lipoti lofotokoza mmene penti inawonongekera. Ndinaiwerenga nditaimirira kukhitchini kwa achimwene, ndikusungunula mkaka wa m'chitini, mwana akulira kumsana kwanga. Achimwene anatulukira pakhomo n'kundifunsa chapansipansi ngati ndingamutche dzina ineyo, poti iwo akalitchula limangobwera la mayi ake.