Impso Zosaoneka pa Sikani

Febe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, koma mimba yake inkangooneka ngati ya miyezi isanu. N'chifukwa chake mwamuna wake, Levison, anasiya fodya m'chigafa n'kumuperekeza kusikani ku Namitete.

Adokotala anayendetsa kachipangizo pamimba ya Febe kwa nthawi yaitali.

"Madzi amene mwana amakhalamo m'mimba ndi mkodzo wake womwe," anatero adokotalawo. "Muno madziwo mulibe. Ndafunafuna impso zake mbali zonse ziwiri, sindikuziona."

"Komatu amatakataka," anatero Febe.

"Panopa amene mukumusefera magazi ndinu, mayi. Koma popanda madziwo mapapo sakula, ndiye akabadwa sadzapuma nthawi yaitali. Ndikutumizani ku Lilongwe akaonenso, koma sindikufuna kukunamizani."

Levison ankadziwa mmene zimakhalira kwawo. M'chipinda chochilira mwamuna salowamo, ndipo khanda likapitirira sipakhala maliro, sipamveka kulira. Amayi akuluakulu okhaokha amalikulunga m'chitenje n'kukaliika m'dzenje losaya, bambo wake ali kunyumba, osaliona n'komwe. Mawa lake anthu amapita kumunda ngati sipanachitike kanthu.

Adokotala anatambasula dzanja kuti azimitse makina.

"Pepani adokotala, musazimitse kaye," anatero Levison, akukokera mpando pafupi ndi galasi la makinawo loonetsa zithunzi zotuwa. "Kodi nkhope yake ili pati? Ndionetseni bwinobwino, musafulumire. Ine kumuona kwanga n'komweku."