Ndevu za Mesiya

Mu mpingo umenewo ndevu zinali tchimo. Mwamuna akafika ndi chibwano chokhakhala, mkulu wa pakhomo ankamukokera pambali n'kumufunsa ngati malezala anatha m'magolosale. Malamulo analipo osayamba. Siketi inkayezedwa ndi maso kuyambira pa bondo, ndolo zinkatsala m'chikwama, ndipo pa Sabata munthu sankakhudza singano, sizasi kapena lumo, ngakhale chikhadabo chitathyoka n'kumakola malaya. Koma munthu mmodzi yekha ankaloledwa kusunga ndevu, amene ankasewera Mesiya m'sewero la mpingo la chaka ndi chaka.

Munthuyo anali Wometa. Lachisanu lililonse amuna a mpingo ankandanda pa benchi m'kashopu kake, iye n'kumawapala zibwano mpaka kusalala ngati za makanda, zake zili lendee mpaka pa batani lachiwiri la malaya. Ankazipesa pamaso pawo, kuzidzoza mafuta, ndipo imvi zikatuluka ankazibisa ndi dayi chitseko atatseka. Zaka zinapita zambiri mkanjo woyera wa sewerolo ukugona m'nyumba mwake, m'pepala la pulasitiki pamwamba pa kabati.

Komabe chimene ankachifuna kwenikweni sichinali mkanjo. Bambo ake anali mmodzi mwa amene anayambitsa mpingowo, munthu wouma pakamwa, wosadziwa kuyamikira mwana. Mpando wawo unali kutsogolo, pafupi ndi guwa. Sewero likatha ankaimirira, kumugwira ndevu Wometa pamaso pa anthu onse, kuzikoka pang'ono n'kunena kuti, "Mwana wanga uyu." Mawu ake anali omwewo basi, kamodzi pachaka, ndipo Wometa ankakhuta nawo mpaka chaka chinacho.

Chinavuta ndi mimba. Pa sewero lomaliza mtanda unalira atamukweza, asilikali anabuula poudzutsa, ndipo ana a kutsogolo anaseka pamalo pamene anthu amayenera kulira. Mayi busa, amene ankayendetsa sewerolo, anasunga zimenezi mumtima. Atayamba kukonzekera la chaka chino, anaima pamaso pa gulu lonse n'kulengeza mosazungulira kuti Mesiya akhala mng'ono wake wa Wometa.

"Inu mwatumikira mokwanira," anatero kwa Wometa akumwetulira. "Chaka chino mutithandize kukhala mkulu wa Afarisi. Pamafunika munthu wa mawu amphamvu."

Mng'ono wakeyo ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'magolosale. Anali wowonda, woseka mokweza, woimba mosemphana ndi anzake, ndipo ulaliki ukatalika ankasinza kukamwa kuli yasa. Wometa anamuyang'ana akukanda pamutu mwamanyazi, anthu akumuombera m'manja, ndipo nsanje inamugwira. Uyu? Amene iye anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato?

Lamulo ndi lamulo. Madzulo ake Wometa anakhala pa mpando wake womwe n'kudzimeta yekha. Atafika kunyumba mkazi wake anaika dzanja pakamwa.

"Odi, abambo, mukufuna ndani? Amuna anga sanabwere."

"Usandiyambe."

"Ii, ndi inu kodi? Koma chibwano munali nacho chaching'ono chonchi? Ndinaiwalatu."

Sanaseke. Anatsitsa mkanjo uja pa kabati, kuutumiza kwa mayi busa, n'kukagona osadya.

Afarisi a m'sewero ankavala ndevu za thonje zomangirira ndi lasitiki kumakutu. Thonjelo linkalowa m'kamwa, lasitiki inkaluma. Mmenemo ndevu za mng'ono wake zinkamera zakuda bii, zothinana, zosafuna dayi, ndipo amayi a kwaya anayamba kunena kuti nkhope yake yasanduka ya pachithunzi. Pokonzekera sewero, ikafika nthawi yoti Mfarisi atsutse Mesiya, Wometa sankasowa pepala.

"Uyu akhale Mesiya?" ankakuwa, chala chili pamphuno pa mng'ono wake. "Uyu timamudziwa! Kwawo timakudziwa, bambo ake timawadziwa! Waphunzira kuti malamulo? Wamutuma ndani? Ngati ndiwe, tionetse chizindikiro!"

Tsiku lina mayi busa anachita kuimirira.

"Mwaona, anthu inu? Kusewera ndi kumeneku. Bambo, gawo limeneli munachita kubadwira."

Iwo ankati akumuyamikira. Wometa anawamva mawuwo ngati mbama.

Bambo awo anali atagwa ndi sitiroko chaka chomwecho. Mbali imodzi inafa, mawu ankatuluka movutikira, ndipo ankakhala kwa mng'onoyo chifukwa nyumba yake inalibe masitepe. Wometa ankapitako Lachisanu lililonse akatseka shopu kukawameta. Koma atangolandidwa mkanjo, miyendo inayamba kulemera. Lachisanu loyamba anati makasitomala anachuluka. Lachiwiri lake anati magetsi anavuta. Zoona zake zinali zoti sankafuna kuti bambo amuone chibwano chili mbee, mng'ono wake ataima pambali ndi ndevu.

Tsiku lina la Sabata, mapemphero atatha, mkazi wake anamupatsa jumbo ya malalanje.

"Pitani mukawaone bambo. Anthu ayamba kufunsa."

Anapita akukoka miyendo. Chitseko chinali chotsekula, mlamu wake kunalibe, ndipo kuchipinda kunkamveka kuseka. Anaima pa katani n'kusuzumira. Bambo anali atawakhazika pa mpando pafupi ndi zenera, thaulo lili pakhosi, thovu la sopo wochapira lili m'masaya. Mng'ono wake anali atagwada, lumo m'manja, akupala mokhotakhota, mosemphana ndi kumene ndevu zinagonera, ntchito yoti wometa weniweni akaiona amatseka maso. Pachibwano panali kale kabala. Koma bambo ankaseka ndi mbali yamoyo ya pakamwa pawo. Kenaka anakweza dzanja lawo labwino, kugwira ndevu za mng'onoyo n'kuzikoka pang'ono.

"Mwana... wanga," anatero.

Wometa anaika malalanje pa tebulo la pabalaza n'kutuluka mwakachetechete. Mkanjo anali atamulanda, ntchito yake amulanda, tsopano ndi mawu aja omwe. Panjira mtima unkangowira. Atafika pa mphambano anaima, kukweza maso n'kuona kuti dzuwa likadali pamwamba. Sabata linali lisanathe. Apo m'pamene nsanje inapeza chovala chaulemu, ndipo anakhotera kunyumba kwa mkulu wa mpingo.

"Sindikunena chifukwa cha ine ayi," anatero atakhala pansi. "Ndi mng'ono wanga, mimba imodzi. Koma nyumba ya Mulungu ikamaipitsidwa, munthu ungakhale chete?"

Akuluakulu anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, momwe ankasungiramo mipando yothyoka. Mlandu anaugwira ndi manja awiri. Wina anafunsa ngati linali lumo kapena makina, poti makina amagwira ntchito ndi magetsi, osati munthu. Wina anafuna kudziwa ngati thovu linapakidwa dzuwa lisanalowe. Mng'onoyo sanakane kanthu.

"Ndinawameta, inde. Ndevu zinkawayabwa, ankadzikanda mpaka magazi. Mkati mwa mlungu ndimachoka kusanache, ndimabwera atagona. Ndikanatani?"

Mkulu wina wokalamba anatsokomola n'kunena kuti mwina pamenepa panali chifundo, osati ntchito. Onse anatembenukira kwa Wometa, poti pa nkhani ya ndevu katswiri anali iye. Mpata wobweza mawu unali umenewo. Anauona bwinobwino, n'kuulola kudutsa.

"Ndevu sizipha munthu," anatero. "Zikanadikira."

Chigamulo chinali chakuti mng'onoyo azikhala pa benchi ya kumbuyo, ya anthu olangidwa, mpaka chaka chithe. Sewero achokemo, ndevu amete. Mkanjo ubwerere kumene unachokera, poti nthawi yoti wina aphunzire mawu panalibe.

M'mawa mwake galimoto ya buledi inaima pa shopu. Mng'onoyo analowa, kupereka moni n'kukhala pa mpando.

"Achimwene, akuti ndimetedwe. Ine wometa wina sindimudziwa."

Wometa anamukulunga nsalu pakhosi osamuyang'ana pagalasi. Makina analira, ndevu zakuda zija zikugwera pa simenti. Anayembekezera kutukwanidwa, ndipo akanakondwa nako, koma mnzakeyo anangotseka maso ngati kasitomala wamba. Atatha anadzigwira chibwano, kuimirira n'kuyang'ana pansi.

"Mukamasesa musataye, achimwene. Mwina zingakuthandizeni pamene zanu zaperewera."

Anatuluka, galimoto n'kulira.

Lachiwiri lotsatira, tsiku lopanda mlandu uliwonse, Wometa ananyamula chikwama chake cha zida n'kupita kwa bambo. Anatenga lumo latsopano, burashi yofewa ndi sipiriti wonunkhira. Bambo atamuona akulowa anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaphimba chibwano ndi dzanja lawo labwino n'kutembenukira kukhoma.

"Bambo, ndabwera kudzakumetani."

Dzanja silinachoke pachibwano.

"Asiyeni, alamu," anatero mkazi wa mng'ono wake ali pakhomo. "Chimvereni nkhani ija sakulola aliyense. Ngakhale ife tayesa."

Wometa anadziuza kuti nkhalamba zimatero, zimanyanyala ngati ana. Anadziuzanso kuti akadzamuona atavala mkanjo, ndevu zili m'malo mwake, dzanja lija lidzakwera lokha. Ndevu zinameradi. Anazidaya, kuzidzoza, ndipo anachepetsako kudya kuti mtanda usalirenso.

Tsiku la sewero tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera. Wometa anatuluka atavala zoyera, ophunzira ake ali pambuyo, ndipo maso ake anathamangira pa mpando uja wa pafupi ndi guwa. Panalibe munthu. Anapitiriza kuyankhula, mawu akutuluka okha ngati madzi a pampopi, maso akusakasaka mzere ndi mzere. Anawapeza bambo kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mpando wawo wa matayala unali utaimikidwa pambali pa benchi ya olangidwa. Munthu amene anamanga nawo tchalitchicho anali atakhala pamalo a ochimwa, ndevu zoyera zili nyankhalala nkhope yonse, ndipo mkulu wa pakhomo ankangoyang'ana kudenga ngati sakuziona. Pambali pawo panali mng'ono uja, chibwano chosalala, akuwapukuta pakamwa ndi kansalu.

Sewero linafika pamene Afarisi amagwira Mesiya akuchiritsa munthu wopuwala dzanja pa Sabata. Wodwalayo anagwada patsogolo pake. Afarisi anamuzungulira ndi ndevu zawo za thonje, mmodzi atavala zomwe iye uja ankavala. Wometa ankadziwa chotsatira. Mesiya amafunsa funso, Afarisi amasowa chonena, tchalitchi chonse chimakhala chete, kenaka iye amatambasula dzanja la wodwalayo anthu n'kufuula aleluya. Pa malo onse a m'sewero, amene ankawakonda kwambiri anali amenewa.

Anakweza manja.

"Tandiuzani, inu odziwa malamulo. Munthu akamavutika pa tsiku la Sabata, tim'thandize kapena adikire?"

Afarisi anazolika monga anaphunzitsidwira. Chete uja anafika. Ndipo m'chetemo, kuchokera kumbuyo, kunamveka mawu olemera, otuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma omveka mpaka kuguwa.

"Yankha... wekha."

Palibe anaseka. Mitu inatembenukira kumbuyo, kenaka inabwerera kwa iye, yonse. Mayi busa ananong'oneza mawu otsatira ali kuseri kwa katani, kunong'onezanso mokweza, poganiza kuti waiwala. Sanaiwale. Wodwala uja anatopa kudikira, n'kutambasula yekha dzanja lake.

Sewero linatha mmene linathera. Anthu akutuluka, Wometa anaima pafupi ndi guwa, pamalo pamene ankaima chaka chilichonse, mkanjo utamatirira kumsana ndi thukuta. Anaona mng'ono wake akutembenuza mpando wa matayala n'kuukankhira kuchitseko. Pa chiundo cha khomo tayala linakodwa, ndipo bambo anakweza dzanja lawo labwino lija kuti agwirire. Linapeza chibwano chosalala cha mng'onoyo, n'kukhala pomwepo mpaka anatuluka.