Mapampu a ku Mule Spring

A Wendell Prewitt ankafuna kukaona msewu wawo asanafe. Sankadwala ayi, koma anthu a mtundu wawo amayamba kutsanzika msanga kuti ena apeze mpata wowatamanda. Maso anali atawathera, laisensi anawalanda, ndipo kutchalitchi atafunsa amene angawayendetse, ine ndinakweza mkono. Mayi busa anati ndili ndi mtima wabwino. Sindinawatsutse.

A Prewitt ndi injiniya amene anajambula msewu watsopano wodutsa m'chipululu cha kuno ku Nevada, zaka makumi anayi zapitazo. Mzere wawo unalambalala Mule Spring ndi mamailosi anayi, ndipo pa Mule Spring mpamene bambo anga, a Fermin Iriarte, ankagulitsa petulo. Pasanathe zaka ziwiri galimoto zinasiya kubwera. Bambo anakhoma chitseko, nkupita kutauni kukakolopa m'makalasi mpaka imfa. A Prewitt sankadziwa kuti ndine mwana wa a Iriarte, poti ankandidziwa ndi dzina la mwamuna wanga. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi: atchule dzina la bambo anga ndi pakamwa pawo, ali pamalo pomwepo.

"Popita tidzere msewu wakale, mayi Haskett," anatero akukwera, "kuti muone mmene anthu ankazunzikira ine ndisanabwere. Pobwerera tidzera wanga."

"Tithire kaye petulo, bambo?"

"Tikathira ku Mule Spring. Pampu ilipo, onani pamapu apa."

Mapuwo anali akale kuposa ukwati wanga. Sankathanso kuwawerenga, koma anawafungatira ngati Baibulo. Ndinangoti chabwino. M'buti munali chigubu chodzaza petulo ndi zina ziwiri za madzi. Wobadwira kuno satuluka pakhomo popanda zimenezo.

Tinaima koyamba pa mtengo wa nsapato. Ndi mtengo umodzi wokha mtunda wonsewo, ndipo apaulendo amauponyera nsapato zakutha mpaka nthambi kuwerama. A Prewitt anaupapasa thunthu.

"Ukanakhala pamsewu wanga ndikanaudula. Wayandikira tala kwambiri."

Kenako anavula chipewa nkundiuza kuti ndiwajambule pomwepo.

Tinadutsa nyanja youma, mchere uli mbuu mpaka kumapiri, ndipo anandiphunzitsa za dothi lake mamailosi makumi awiri. Ng'ombe yakuda itaima pakati pa msewu, anandiuza kuti pamsewu wawo pali mpanda. Pa khona lina ndinachepetsa liwiro.

"Mwachepetseranji liwiro?"

"Pali mitanda ya anthu amene anafera apa."

"Ingati?"

"Itatu."

"Mwaona? Khona loipa limeneli. Msewu wanga ulibe khona."

"Mitanda iliponso, bambo. Kungoti ili pamzere wowongoka."

Anagwedeza mutu mokhutira. Anamva ngati ndawayamikira.

Tinafika ku Mule Spring dzuwa lili paliwombo, singano ya mafuta itagona. Denga la sitolo linagwera mkati kalekale. Mapampu awiri a bambo anali chiimire, ofiira ndi dzimbiri, mapaipi atadyeka. Ndinaimika galimoto pakati pawo, monga ankaimikira makasitomala. Kwa a Prewitt, ndi maso awowo, zonse zinali m'malo mwake.

"Lizani hutala. Mwini wa pano, Mbasiki uja, ndi wochedwa, koma mkazi wake amaphika nyama ya nkhosa ndi nyemba zoti simunadyepo. Tinadya pano miyezi itatu pamene tinkayeza msewu. Khofi ankangothira osafunsa."

Ndinaliza hutala. Khwangwala anatuluka pawindo.

"Lizaninso."

Ndinalizanso, nthawi yaitali ndithu, mpaka mkono kutopa.

"Sabwera, bambo Prewitt. Anamwalira. Dzina lawo mukulikumbuka?"

"Tonse tinkangoti Mbasiki, potengera mtundu wake. Ankayankha."

"Anali bambo anga. Khofi uja ndinkathira ndine."

Anatembenuka nkuyang'ana khutu langa, poganiza kuti ndi nkhope.

"Kamtsikana ka mano otuluka kaja? Mwakula."

"Msewu wanu ndi umene unatseka pano."

Ndinaganiza kuti nthawi ija yakwana. Anapinda mapu bwinobwino, motsata mizere yake yakale.

"Mayi, mzere umene uja umapulumutsa mphindi khumi ndi imodzi pa galimoto iliyonse. Taganizani galimoto zonse zadutsapo zaka makumi anayi."

"Fermin Iriarte," ndinatero. "Tchulani."

"Eya, eya, amenewo. Nanga petuloyu titani?"

Ndinatsika nkutsegula buti. Mphepo yotentha inkandimwaza mchenga m'maso. Ndinaima pamene ankaima bambo, pafupi ndi pampu yakumanzere, ndikuthira petulo m'galimoto imene munakhala a Prewitt. Iwo anatsitsa galasi nkundiuza kuti ndisatayire pansi.

Mamailosi anayi aja tinawayenda pa msewu wafumbi. Titakwera pa tala wawo, anapumira m'mwamba ngati munthu wafika kwawo. Kutsogolo pang'ono pali malo opumirapo: zimbudzi ziwiri, tebulo la simenti, ndi mwala wautali wokhala ndi chikwangwani cha mkuwa. Mwalawo ndiwo unali mutu wa ulendo. Tsiku lotsegulira msewu iwo anali atatumizidwa kale ku ntchito ina, choncho anali asanauonepo.

Ndinawagwira mkono mpaka pamwalapo. Anakonza kolala.

"Werengani, mayi. Mokweza."

Ndinawerenga. Panali dzina la bwanamkubwa wa nthawiyo, mayina asanu a akuluakulu a komiti, dzina la kampani yothira tala, ndi chaka.

"Pitirizani."

"Zathera pomwepo."

"Mwadumpha mzere. Werenganinso."

Ndinawerenganso, pang'onopang'ono, dzina lililonse palokha. Kukoma kumene ndinkayembekezera sikunabwere. Ndinangomva ludzu.

"Dzuwa lafufuta," anatero. Anayendetsa zala pa zilembo, zimene zinali zotukuka bwino ngati zadzulo. "Kapena analemba kumbuyo."

Ndinazungulira. Kumbuyo kunali zitosi za mbalame.

Malole ankadutsa, lililonse likupulumutsa mphindi zake. A Prewitt anaima pambali pa mwalawo, chipewa pachifuwa, nkunena kuti ndijambulebe. Ndinajambula.

Tili m'njira, patapita nthawi, analankhula akuyang'ana kutsogolo kumene sankakuona.

"Anthu amaiwala, mayi Haskett. Mbasiki uja akanakhala moyo, akanakuuzani yekha kuti msewu uno ndinajambula ndine."

"Ankanena, bambo," ndinatero. "Tsiku lililonse, ndi dzina lanu lomwe."

"Mwaona?" anatero a Prewitt, nkutsamira bwino pampando.