Mkaka Umene Anathira mu Sinki

Pa fakitale yosoka maovololo ndi mayunifomu aliyense ankamutchula kuti Kasingano. Anali wochepa thupi, wa manja achangu, ndipo mawu ake akamulowa munthu sankatulutsa magazi koma ankapweteka tsiku lonse. Ntchito yake inali yolumikiza makolala, pa makina oyandikana ndi zenera limene silinkatseguka.

Tchuthi chake cha uchembere chinatha mwana asanayambe n'kukhala pansi komwe. Mwamuna wake anali woyendetsa lole, wongobwera pakhomo kudzasintha malaya, choncho kamtsikanako kankatsala ndi apongozi, amene anachita kusamuka kudzakhala nawo chifukwa cha mdzukulu wawoyo. Ku sikelo namwino anali atamuphunzitsa Kasingano zonse: kusamba m'manja, kufinya bere mofatsa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuthira mkakawo m'botolo lowiritsa ndi kuusunga pozizira kuti mwana adzamwe mawa lake.

"Asalawe china chilichonse mpaka nthawi yake itakwana," anatero namwinoyo. "Kuntchitoko mukapemphe malo ndi nthawi. Musakapemphe ngati mukupempha mchere kwa aneba, ndi ufulu wanu umenewo."

Namwinoyo anali asanakumanepo ndi akapitawo a pa fakitalepo.

Akapitawo ankayenda pakati pa mizere ya makina manja ali kumbuyo, ngati mwini munda amene akuyendera aganyu. Tsiku loyamba lomwelo Kasingano anawatsatira n'kuwauza motsitsa mawu zimene ankafuna.

"Malo ofinyirako chiyani?" anafunsa iwo mokweza, kuti ndi a kumapeto kwa holo omwe amve. "Mayi, pano timasoka. Kokamira ng'ombe n'kwina."

Amuna odula nsalu anaseka. Kasingano anameza mawu amene anali atafika kale pa lilime. Ntchito anali atangoibwerera kumene.

"Nthawi yopuma ndi yanu," anapitiriza akapitawo. "Chimbudzi chilipo, chitseko chili nacho."

Ndiye anayamba kufinyira m'chimbudzi. Pansi pankakhala ponyowa nthawi zonse, ndipo fungo la mankhwala otsukira linkalimbana ndi fungo linalo osaligonjetsa. Ankaimirira, chikwama chili m'khosi, kapu ili m'dzanja limodzi, kwinaku akusamala kuti chigongono chisakhudze khoma. Mkaka sumvera belu. Munthu mtima ukakhala m'mwamba, bere limangouma gwa. Ankatseka maso n'kumaganiza za kafungo ka pankhongo pa mwana wake, ndipo mkaka ukati uyambe kutsika, wina ankagogoda.

"Mwagona m'menemo kodi? Enafe zatipana."

Belu likalira ankatuluka ndi botolo losadzadza, chakudya chake chamasana chili chitsekere m'kontena.

Pa mzere wakewo panali mayi wina wachikulire wosokerera mabatani, amene anthu ankangomutchula kuti Amabatani. Iwowa anaona kuti mkaka wa Kasingano ukumasasa m'chikwama chifukwa cha kutentha kwa m'holomo.

"Mwanawe, ukuvutikiranji? M'kakhitchini ka a muofesi muli furiji yaikulu ngati wadirobu. Mumangokhala zakumwa za mabwana ndi mphepo. Kaike pakona, palibe amene angafe nazo."

Kwa kanthawi zinayenda. Ankakulunga botololo m'pepala la pulasitiki, n'kulibisa kuseri kwa zakumwa, madzulo n'kulitenga lili lozizira bwino. Koma tsiku lina poweruka anatsegula furiji n'kupeza pakona paja palibe kanthu. Anasuntha mabotolo onse. Atacheuka analiona botolo lake pa sinki, lotsukidwa, lozondotsedwa kuti liume. Akapitawo anali atatsamira khomo, akumwa chakumwa chawo.

"Ndataya ndine," anatero. "Zotuluka m'thupi mwa munthu sitiika pamodzi ndi chakudya cha anthu. A muofesi akudandaula, akuti akuchita nseru."

Kasingano anayang'ana mu sinkimo. Pakabowo kotulukira madzi panali kamzere koyera kamene mpopi sunakokolole.

"Chimene mwatayacho ndi chakudya cha munthu," anatero. "Mwana wanga ndi munthu. Mawa adya chiyani?"

"Mwana si wa kampani, mayi. Anakutumani ndani kubereka?"

Kasingano anatenga botolo lakelo. Dzanja linkafuna kuliponya pamphumi pawo, ndipo anachita kuligwira dzanjalo ndi linzake. Njira yonse m'minibasi anakhala nsagwada zili gwa, moti kondakitala atamuseka kuti akwiya ngati amene wamwa mandimu, anangomuyang'ana kamodzi ndipo kondakitalayo anayang'ana kumbali.

Apongozi anamulandira pakhomo mwana ali kumsana, dzanja atatambasula kale kuti alandire botolo. Iwo ndi Kasingano sankamvana kwenikweni pa nkhani ya mkakayi. Apongoziwo ankati ana awo onse anawayambitsa phala adakali ofiira ndipo palibe anafa. Kasingano ankayembekezera kuti amva zomwezo. Koma atafotokoza, mayiwo anakhala pampando.

"Anathira mu sinki? Ndi manja ake?" anafunsa. "Kodi bambo ameneyo anayamwa mwala?"

Mlungu wotsatira kunabwera oda yaikulu ya maovololo, ndipo nthawi yopuma anaidula pakati. Wopita kuchimbudzi ankayenera kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Kasingano akakweza, akapitawo ankapeza choti ayang'ane kudenga. Mabere ankadzadza mpaka kumva ngati wina wamuikira miyala yamoto pachifuwa. Mkaka unkadontha n'kulemba mawanga awiri pa yunifomu, odula nsalu n'kumakodolana. Kunyumba kunalibenso choti asiyire mwana chokwanira. Kamtsikanako kankalira masana onse mpaka mawu kusasa, ndipo apongozi, misozi ili m'maso, anakapatsa phala lamadzimadzi. Mwana anatsegula m'mimba. Tsiku lomwe anapita naye kuchipatala, Kasingano nayenso anali akunjenjemera ndi malungo, bere lakumanzere litatupa, litafiira, losakhudzika ngakhale ndi nsalu.

Anachira onse awiri, koma mwana anatuluka m'matendamo masaya atapita. Atabwerera ku ntchito, Kasingano sanapite pa makina. Anakwera masitepe kupita kwa amanijala oyang'anira antchito, poganiza kuti mayi mnzake amva.

Muofesimo munkazizira bwino. Pa tebulo panali chithunzi cha ana awiri onenepa. Amanijala anamvetsera mutu atapendeketsa, akumwetulira mwachifundo.

"Ndikukumvetsani kwambiri, mayi, inenso ndine kholo. Koma tikakupatsani inu chipinda, mawa wina adzafuna chogonamo masana. Ine anga awa ndinawasiyitsa kuyamwa msanga, n'kuwagulira mkaka wam'chitini. Taonani mmene anenepera."

"Wam'chitiniwo ndi wa anthu okhala pa mipando yozungulira ngati inu," anayankha Kasingano. "Ine mkaka ndili nawo wanga, waulere, ukungotayikira mu yunifomu ya kampani. Sindikupempha kuti mundipatse. Ndikupempha kuti muleke kundilanda."

Kumwetulira kuja kunazima.

"Tiziona. Padakali pano bwererani pa mzere. Ndipo mudziwe kuti masiku amene mwajombawa aonedwa."

"Ndinali m'chipatala."

"Aonedwa, ndatero."

Kasingano anatsika masitepe. Anakhala pa makina n'kuyamba kusoka mwaliwiro loti singano inathyoka, n'kuika ina. Dzuwa litakwera anamva kulasa kuja pachifuwa, ndipo bere lomwe linadwala lija linayamba kugunda ngati chithupsa. Anakweza dzanja. Akapitawo anamuona bwinobwino, n'kutembenuka.

Kasingano anazimitsa makina. Anatulutsa botolo la madzi akumwa ndi kasopo, n'kusamba m'manja pomwepo, madzi akugwera pa simenti. Anatenga nsalu yake yoberekera mwana n'kuiponya paphewa, anamasula mabatani a yunifomu, anaika kapu pansi pa nsaluyo n'kuyamba kufinya.

Pa mzere wosoka, mmodzi akaima onse aima. Maovololo opanda makolala anayamba kuunjikana kumanzere kwake, ndipo a kumanja kwake anasowa chosoka. Akapitawo anafika akuthamanga.

"Mukuchita chiyani? Mwapenga? Pamaso pa amuna?"

"Amunawo atseke maso. M'chimbudzi sindipitamonso. Inu mumadyera m'chimbudzi?"

"Valani msanga, apo ayi mutuluke pa geti."

"Ndikamaliza."

Apo m'pamene Amabatani anazimitsa makina awo. Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira m'chiuno, n'kudzaima kutsogolo kwa Kasingano, nkhope atalozetsa kwa akapitawo.

"Inunso mukutani, mayi?"

"Msana, bwana. Ukalamba. Ndati ndiuwongoleko pano."

Mayi wina wosoka matumba anadzuka n'kudzaima pambali pawo. Kenako wa mazipi, kenako atsikana a manja a malaya. Makina anazima amodziamodzi mpaka m'holo monse munangotsala kulira kwa fani yakudenga. Anthu ena anali asanamvepo holoyo ili zii chiyambire ntchito. Kasingano anali pakati pa mpanda wa misana ya amayi anzake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ku ntchito mkaka unatsika wosavuta, ukumveka kuti tsii m'kapu.

Akapitawo anaopseza kuti onse achotsedwa. Anauza odula nsalu kuti akhale pa makina, koma iwo sankadziwa ndi polowetsa ulusi pomwe, ndipo wamkulu wawo anangoti, "Ife zimenezo ayi, bwana, akazi athu amva." Panja lole ya mwini oda inali itafika kale, dalaivala akuimba hutala. Amanijala anatsika masitepe nsapato zikugogoda.

"Amayi, nkhani zotere timakambirana muofesi."

"Kuofesi ndabwerako m'mawa uno," anatero Kasingano ali kuseri kwa anzake. "Munati muziona. Ndiye onani."

Anakambirana ataimirira pomwepo, hutala ikulirabe. Amabatani ndi amene ankalankhula, osakweza mawu, akubwereza zinthu zomwezomwezo ngati akuphunzitsa mwana: malo aukhondo, nthawi m'mawa ndi masana yosadula pa yopuma, ndi pozizira posungira. Amanijala anavomera ndi nkhope ya munthu amene akumeza mankhwala owawa. Makina anayakanso Kasingano atatseka botolo lake.

Malo amene anapereka anali kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu. Amayiwo anakasesa okha, anaikamo mpando ndi beseni, ndipo m'furiji muja anawasiyira shelefu yapansi. Koma kampani siiwala. Mlungu usanathe Kasingano anamuchotsa pa makolala n'kumupititsa kosita, kumene munthu amaima tsiku lonse m'nthunzi ya simbi, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Anati n'kusinthana kwa nthawi zonse, ngakhale panalibe wina amene anasinthidwa. Bere lakumanzere lija silinabwererenso mwakale, linkangotulutsa madontho, ndipo mwana ankalikana n'kumalira. Usiku uliwonse akamamutembenuzira kumanja, Kasingano ankawatukwana akapitawo mumtima, mawu amene apongozi akanawamva akanatseka makutu.

Patapita nthawi, mtsikana wina wa pa mazipi anabwerako ku tchuthi cha mwana wake woyamba, n'kuyamba kugwiritsa nawo ntchito kachipindako. Anali wamanyazi, wosayang'ana munthu kumaso. Tsiku lina anafika kosita akulira, yunifomu atamanga mabatani mosemphanitsa.

"Achemwali, akapitawo anangotsegula chitseko osagogoda. Akuti amafuna sizasi. Anaima pakhomo nthawi yaitali, ine ndili chomwecho. Mkaka wonse ndatayira pansi."

Kasingano anaimika simbi. Kachipindako kanalibe loko, ndipo anali atapempha kangapo, yankho lake n'kumakhala lakuti zili m'dongosolo. Anapita kwa makaniki wokonza makina, amene anali atagwada pansi manja ali bii ndi oilo.

"Achimwene, mundipatse kaloko kokoka kaja kali pa kabati yanu ya zitsulo, ndi sikuludiraiva."

Makanikiyo anamuyang'ana nkhope. Anamasula kalokoko yekha n'kumupatsa pamodzi ndi misomali yake yopota.

Anali pakati pomanga pamene akapitawo anatulukira.

"Wakulolezani ndani kuboola chitseko cha kampani? Ndipo ino ndi nthawi ya ntchito."

Kasingano sanacheuke. Msomali wina anali atauluma pakamwa. Anauchotsa, anauika pabowo, n'kuyamba kupota.

"Sizasi yanu mwaipeza?" anafunsa.

Amayi a mzere wapafupi anali atachepetsa liwiro la makina, makosi atatembenuza. Akapitawo anawayang'ana, anayang'ananso mtsikana uja amene anaima poteropo akupukuta maso.

"Ndikakunenezani kumwamba."

"Kandinenezeni. Masitepe mukuwadziwa. Mukanenenso chimene mumayang'ana muno, chifukwa mukapanda kunena inu ndikanena ndine, ndipo sindikanenera muofesi mokha."

Akapitawo anachoka akung'ung'udza. Kasingano anapota msomali womaliza mwamphamvu mpaka thabwa linalira. Anakoka kalokoko uku ndi uku kuti aone ngati kagwira, kenako anamukankhira mtsikana uja m'kati.

"Lowa, utseke, uyambirenso. Usafulumire. Akagogoda wina, umuuze adikire."

Anamva kaloko kakulowa m'malo mwake. Anaima pakhomopo kanthawi, msana atatsamira chitseko, mpaka atatsimikiza kuti kulira kwa m'katimo kwaleka. Kenako anakabweza sikuludiraiva kwa mwini wake n'kubwerera kosita, kumene mulu wa maovololo unali utafika kale m'chiuno.